Mutu 5: Mano si Pulaya

1. Waya wa simbi

Kuseri kwa depoti ya mabasi kunali mdadada wa timashopu ta zitseko zachitsulo, khonde lake limodzi. Pachitseko choyamba pankagwira ntchito wometa, pachiwiri telala. Pachitatu, pomwe tsiku lonse pankanunkha waya wopserera, pankakhala anthu awiri: mkulu wina wokonza zamagetsi amene aliyense ankamutchula kuti a Fiyuzi, ndi mtsikana yemwe mkuluyo anamuphunzitsa ntchito, dzina lake Kawaya.

Mayina awiriwa sanagwe kumwamba. A Fiyuzi sankachedwa kuphulika, koma sankachedwanso kuzizira. Kawaya anali wamtali, woonda, ndipo ngakhale umupinde chotani ankawongoka.

Panthawiyi Kawaya anali atasiya kukhala wophunzira. Anali ndi tebulo lakelake, makasitomala akeake, ndipo lendi ya shopu ankagawana ndi a Fiyuzi. Panalibe wolemba mnzake ntchito. Tsiku limene munthu sanakonze kanthu, kunyumba ankapita chimanjamanja.

M'mawa wina kunabwera mayi atanyamula simbi yamagetsi, chingwe chake chili lendelende.

“Chonde achemwali, mwachangu. Mwana wanga amuitana kuntchito lero lomwe, malaya ake ali makwinya okhaokha.”

Kawaya anadula poolapo, nayang'ana pulaya kuti asende waya. Pulaya ija inali itakwiririka pansi pa mulu wa mafani ndi maketulo. Mayi uja ankangoponda pansi ndi chidendene. Basi, Kawaya anachita zimene maso ake anazolowera kuona: anaika waya m'kamwa, nauluma, nakoka.

Gwaa!

Waya unasendeka bwino lomwe. Koma pa tebulo panagwa kanthu koyera ngati kachidutswa ka mbale yadothi. Kawaya atapuma mpweya, ululu unathamanga kuchoka pa dzino lakutsogolo mpaka kuseri kwa diso.

“Mayo ine!”

A Fiyuzi anadzambatuka, sikuludiraiva yawo n'kugwera pansi.

“Iwe mwana iwe! Ndinakuuza kangati? Mano si pulaya! Pulaya ikatha ugula ina pagolosale, nanga dzino ukagula kuti? Munthu amamera mano kawiri kokha, kachitatu kulibe. Mmisiri amayamba wasamala thupi lake, chifukwa thupilo ndiye shopu yeniyeni. Zitseko izi n'za eni nyumba, tebulo ili chiswe chidzadya, koma manja, maso ndi mano ndiwo katundu wako. Ukawawononga, palibe bwana amene adzakupepese. Wamva?”

Kawaya, dzanja lili pakamwa, anangoloza pakamwa pa a Fiyuzi. M'menemo munali magweru oti mphepo n'kumalowa ndi kutuluka mosapempha.

“Usandiloze! Ine nthawi yanga kunalibe wondiuza. Iwe uli naye wokuuza, ndiye uzimva!”

Ananena zimenezi kachidutswa ka mphira wa waya kali kakamire pa ndevu zawo. Simbi ija anaimaliza ndi iwowo, ndipo anatenga nthawi yaitali modabwitsa.

2. Kampani ndine ndemwe

Ku chipatala cha mano kunali fungo la mankhwala ndi mipando yozizira. Mtsikana wa pawindo anafunsa osadzutsa mutu.

“Muli pa inshuwaransi yanji?”

“Ndilibe.”

“Mumagwira kampani iti?”

“Kampani ndine ndemwe,” anatero Kawaya, akulankhulira mbali imodzi ya pakamwa.

Dokotala anali munthu wachifundo. Anamata dzino lija mosamala moti ukanati silinathyokepo. Koma pobwerera pawindo paja, ndalama zonse zimene Kawaya ankasunga kuti agule mita yoyezera magetsi zinatsala komweko. Anatuluka dzino lili bwino, mtima ukuwawa.

Madzulo amayi ake anamuyang'ana m'kamwa pa kuwala kwa pawindo, kenaka anakhala pansi.

“Khala apa ndikuuze, mwanawe. Bambo ako anali kalipentala wodziwika. Ndalama ankapeza, sindinama. Koma tsiku lililonse ankati, ‘Ine sindidwala, ndine chitsulo.’ Atadwala, chinayamba kugulitsidwa ndi sowo. Kenaka chida ichi, kenaka icho, mpaka benchi yomwe ankapalirapo matabwa. Ndinkanyamula zida zija ndekha kupita nazo kwa anzawo, iwo n'kumandidula mtengo akudziwa kuti ndapanika. Pomwe ankamwalira, m'nyumba muno munalibe ngakhale hamala yokhomera msomali. Wolembedwa ntchito akadwala, bwana amathandizako. Wodzilemba yekha akadwala, shopu imadwala, mphika umadwala, ana kusukulu amadwala. Tsoka silinunkha, mwanawe. Lero ndi dzino, mawa sitikudziwa. Pita ukafunse za inshuwaransizo usanaone zimene ndinaona ine.”

Kenaka anawonjezera.

“Ndipo a Fiyuzi usamawayankhe mwano. Maliro a bambo ako atatha, anthu onse anabalalika. Amene anabweranso kudzagogoda pano ndi iwo okha. Anati, ‘Mwanayu ali ndi manja abwino, ndipatseni ndimuphunzitse.’ Sanatilipiritse kalikonse.”

“Ndikudziwa, amayi,” anatero Kawaya.

3. Kufunsa

Kawaya anayamba kuzungulira m'tauni masana, nthawi imene makasitomala amachepa.

Ofesi yoyamba inali ya magalasi, yozizira ngati m'firiji. Anamulandira ndi ulemu, namupatsa kabuku ka zithunzi za anthu oseka. Atamva mtengo wa pamwezi anabweza kabuku kaja ndi manja awiri. Unkaposa lendi ya shopu.

Pakhomo pa depoti anakumana ndi mnyamata wa taye yofiira, amene ankagulitsa inshuwaransi yotchipa ngati mtedza.

“Chilichonse timalipira, sisi! Mutu, mwendo, mano, maliro, zonse! Lembetsani pompano.”

“Ndikadwala ndipite chipatala chiti?”

“Chilichonse!”

“Tchulani chimodzi ndikafunseko.”

Mnyamata uja anayamba kukanda m'khosi, foni yake n'kulira mwadzidzidzi ngakhale panalibe amene anaimva. Kawaya anapitirira. Safunsa anadya phula.

Ofesi yachitatu inali pamwamba pa sitolo ya mankhwala, masitepe ake opapatiza. M'katimo munali mayi wa magalasi omangirira chingwe, ndi fani yomwe inkalira ngati ikudandaula. Mayiyo sanamupatse kabuku. Anamupatsa mpando.

“Mukabwera nokha, mtengo umakhala wowawa,” anatero. “Koma odzilemba okha mukasonkhana khumi, timakutengani ngati antchito a kampani imodzi, ndipo mtengo umatsika kwambiri. Muli magawo atatu. Loyamba ndi la chipatala. Lachiwiri ndi la moyo: munthu akamwalira, banja lake limalandira kenakake koyambira. Awiriwa ndi a gulu lonse. Lachitatu ndi la mano, limenelo aliyense amasankha yekha, kulitenga kapena kulisiya.”

“Ine la manolo ndiye ndadzera,” anatero Kawaya.

Mayi uja anamwetulira.

“Ndiye mvetsetsani, mwana wanga, chifukwa sindifuna mudzanditukwane mawa. Dzino limene lathyoka kale sitilipira. Nyumba ikayamba kupsa si nthawi yogula chidebe. Chachiwiri, pali miyezi yodikira musanayambe kuthandizidwa pa zinthu zikuluzikulu. Chachitatu, chimene chimagwetsa anthu ambiri: tikakufunsani za thanzi lanu, muzinena zoona. Munthu amabisa matenda kuti alipire zochepa, amalipira zaka ndi zaka, tsiku lofuna thandizo bodza lija n'kuululika, banja lake n'kubwerera opanda kanthu. Ndaona amayi akulira pampando mwakhalapo. Bola kulipira zambiri pa choonadi kusiyana n'kulipira zochepa pa bodza.”

Kawaya anathokoza. Potuluka anaima, nayang'ana fani ija.

“Imeneyi ikufuna mafuta basi. Ndidzabwera nawo.”

4. Anthu khumi

Kusonkhanitsa anthu khumi odzilemba okha n'chimodzimodzi kusonkhanitsa nkhuku za eni ake osiyana. Wosoka nsapato anati ayambe wafunsa mkazi wake. Mayi wa saluni anati inshuwaransi imaitana matenda. Wowotcherera zitsulo anavomera msanga, chifukwa diso lake limodzi linali litafiira kale ndi moto wa ntchito. Telala, mayi wa ana atatu amene mwamuna wake anapita kukagula ulusi osabwerako, anangofunsa funso limodzi.

“Ana alowa nawo?”

“Alowa, anti.”

“Ndilembe.”

Wometa, amene ankamutchula kuti Lezala chifukwa lilime lake linkadula kuposa makina ake, anayamba watsutsa, kenaka atamva mtengo anasanduka mlaliki wa nkhaniyo. Aliyense wokhala pampando wake ankamva za inshuwaransi mpaka tsitsi kutha.

A Fiyuzi anang'ung'udza kuti iwo sanadwalepo chibadwire, koma Kawaya atanena kuti akusowa munthu wakhumi, anati, “Chabwino, ndikuthandize iweyo.” Tsiku lomwelo anafunsa kawiri konse kuti gawo la moyo limayenda bwanji. Kunyumba kwawo kunali akazi awo okalamba ndi kamdzukulu kamasiye ka sukulu ya pulayimale.

Mayi wa inshuwaransi anabwera yekha pakhonde paja nthawi ya nkhomaliro. Anthu anakhala pa mabenchi ndi pa zidebe zovundikira. A Fiyuzi okha kunalibe, anali atapita kukakonza chitofu kunyumba ya kasitomala.

Mayiyo anafunsa zaka za aliyense. Atafika pa a Fiyuzi, Kawaya anawayankhira. Mayi uja anavula magalasi.

“Apa ndiye pali mawu. Mtengo ndinakuuzani uja ndi wa gulu la anthu a misinkhu yanuyi. Mukalowa munthu wamkulu chonchi, mtengo wa gulu lonse umakwera. Si kwambiri, koma aliyense aumva.”

Anatchula chiwonjezerocho. Lezala ndiye anayamba kulankhula.

“Aaa, ayi! Ine ndizimeta mitu yowonjezera mwezi ndi mwezi chifukwa cha ukalamba wa munthu wina? Adadya unyamata wawo okha, ukalamba tidyere limodzi? Ine ndili ndi msuweni wotsuka magalimoto, mnyamata wa nyonga zake, sadwala ngakhale chimfine. Ameneyo akhale wakhumi.”

“Lezala, mnzako akapsa ndevu m'zimire,” anatero wowotcherera.

“Ndevu ndimazidziwa kuposa iwe, ndimameta tsiku ndi tsiku. Zimira ndi ndalama zako.”

Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa manyazi. Kawaya anayang'ana telala, poti ndiye ankagwirizana kwambiri ndi a Fiyuzi. Telala ankapotokola tepi yoyezera pa chala chake.

“Kawaya, usandione ngati woipa,” anatero motsitsa. “Mkuluyo ndimamukonda. Makina anga akafa amandikonzera osalandira kanthu. Koma pamene ndafikapa ndi pothera penipeni. Mukawonjezera, ine ndituluka, ndi ana anga omwe.”

Apo ndiye panali povuta. Lezala ankalankhula ndi dyera, koma telala ankanena zoona.

“Kambiranani,” anatero mayi wa inshuwaransi akuimirira. “Ndibweranso Lachisanu ndi mapepala.”

Atangochoka, Lezala anatembenukira kwa Kawaya.

“Unayambitsa ndiwe, ndipo umakhala nawo ndiwe. Ukawauze bwinobwino kuti malo adzaza.”

5. Ndisiyeni

Kawaya anakhala masiku awiri mawu ali pakhosi. Akati atsegule pakamwa, ankapezeka akufunsa za fiyuzi ya ketulo.

Koma nkhani yodziwa Lezala si chinsinsi, ndipo khoma la pakati pa mashopu linali la mabolodi. Tsiku lachiwirilo a Fiyuzi anazimitsa wailesi imene ankayesa, natembenuza mpando wawo.

“Iwe, wakhala ukundizungulira ngati mphaka pa mkaka wotentha. Ndamva kale.”

Kawaya anadikira kuphulika. Sikunabwere, ndipo zimenezo zinamuwawa koposa.

“Tamvera, mwanawe. Lezala ndi wamwano, koma sanalakwe. Inshuwaransi imafuna munthu ailowe akadali ndi mano onse. Ine pamsinkhu wako ndinkapeza ndalama kuposa iwe. Anabwerapo anthu kudzandiuza zoterezi, ine ndinawathamangitsa, ndinati akufuna kundilosera imfa. Ndalama ndinkagulira nsapato zosongoka ndi mabatire a wailesi. Lero ndikufuna kulowa pakhomo pomwe ndinatseka ndekha, ndiye alipire ndi ana a telala? Ayi. Walira mvula walira matope. Iwe lowa, utenge magawo onse atatu, la manolo usalisiye, poti ndaona kuti mutu wako ndi wouma ngati wanga. Ukalipira mwezi woyamba usadzadumphitse wachiwiri, ngakhale ntchito itavuta. Uziyamba kupatula imeneyo usanagule china chilichonse. Ine ndisiyeni. Ndafika kuno popanda pepala la munthu, ndikafikanso kutsogoloko.”

“Nanga amayi kunyumba? Nanga mwana uja?”

A Fiyuzi anayang'ana kumbali. Pa shelefu pawo panali kanyale kakang'ono kamene ankapangira mdzukulu wawo kuchokera ku zidutswa za matochi akufa, kuti aziwerengera magetsi akazima.

“Mulungu adzaona,” anatero. Anayatsanso wailesi ija mokweza kwambiri.

Kawaya anamva chisoni, anamvanso ukali, osadziwa kuti akwiyire ndani. Madzulo amenewo sanapite kunyumba molunjika. Anakwera masitepe opapatiza aja ndi kabotolo ka mafuta, nathira mu fani ya mayi wa inshuwaransi, ndipo fani ili duu, anafunsa funso limodzi. Pobwerera anadzera ku sitolo ya zingwe.

6. Lachisanu

Lachisanu pakhonde panadzaza. Lezala anabwera ndi msuweni wake, mnyamata wa mapewa otambalala amene ankangomwetulira osadziwa chimene wadzera. A Fiyuzi anatsalira m'shopu, chitseko chili pululu, akunamizira kutanganidwa ndi ketulo imene anaikonza dzulo lake.

Mayi wa inshuwaransi atatulutsa mapepala, Kawaya anaimirira.

“Ndisanalembe, ndili ndi mawu. Wakhumi ndi a Fiyuzi.”

“Tinamaliza kale imeneyo!” anatero Lezala.

“Dikira, achimwene. Palibe amene awonjezere kanthu. Mayiwa ndinawafunsa. Ine gawo la mano ndikulisiya. Ndalama imene ndikanalipira pa mano ndizilipira ndithu, koma izipita pa chiwonjezero cha bambowa.”

Anthu anayang'anana.

“N'zotheka zimenezo?” anafunsa wosoka nsapato.

“N'zotheka,” anayankha mayi uja. “Kwa ife chofunika n'chakuti ndalama ya gulu ikwane. Mmene mugawanirane ndi nkhani yanu. Ya manoyo ikutseka pafupifupi chonse, pakutsala pang'ono.” Kenaka anayang'ana Kawaya pamwamba pa magalasi. “Koma ndikufunseninso pamaso pa anthu. Munabwera kwa ine chifukwa cha dzino. Mukudziwa kuti lina likathyoka, kapena lomatalo likagwa, mudzalipira nokha zonse?”

“Ndikudziwa.”

M'shopu muja munamveka mpando ukugwa. Fiyuzi inali itaphulika.

“Zamisala! Ndani wakutuma? Ndinakuuza chiyani ine? Mwana wopanda makutu iwe! Ukufuna udzafanane ndi ine m'kamwamu? Udzaseke pa chithunzi anthu n'kumathawa? Ine sindilola! Mayi, musalembe zimenezo!”

A Fiyuzi anatulukira pakhonde. Kawaya sanabwerere m'mbuyo. Anapisa dzanja m'kolala ya ovolosi yake, natulutsa chingwe chatsopano chimene anachikoleka m'khosi. Kumapeto kwake kunkalendewera pulaya ija.

“Bambo, inshuwaransi yanga ya mano ndi iyi. Sidzakwiririkanso pansi pa mafani. Dzino langa silinathyoke ndi tsoka, linathyoka ndi ulesi wanga, ndipo ulesi ndingathe kuuletsa ndekha. Koma ukalamba wanu simungauletse, ngakhale mutakalipa chotani.”

“Iwe…”

“Munandiuza kuti manja ndiwo katundu wa mmisiri. Manja angawa anali a mwana wamasiye wongokhala pakhomo. Munawasandutsa shopu ndinu. Ndiye lero ndilowe m'nyumba, inu ndikutsekereni kunja? Amayi anga ndikawauza kuti chiyani?”

A Fiyuzi anatsegula pakamwa, magweru onse poyera. Maso awo anadzaza madzi. Anatembenuka n'kuyamba kukalipira msuweni wa Lezala kuti waponda chingwe, chonsecho mnyamatayo anali ataima patali.

Wowotcherera anakweza dzanja.

“Chotsalacho ndi changa.”

“Tigawane,” anatero telala. “Chochepa chotero ndingathe. Ndizisoka zipi imodzi yowonjezera.”

Maso onse anapita kwa Lezala. Iye anakanda kumutu, nayang'ana kudenga.

“Chabwino, chabwino, musandiyang'ane ngati ndaba mbuzi. Ine ndiziwameta tsitsi mkuluyu ulere moyo wawo wonse.”

A Fiyuzi anavula chipewa. Mutu wawo unali dazi lokhalokha, lonyezimira ngati pansi pa simbi. Khonde lonse linafa ndi phwete, mpaka mayi wa inshuwaransi anapukuta magalasi.

“Ndiye kupatsa kwa Lezala kumeneko!” anatero mayi wa saluni.

Msuweni uja naye sanabwerere chimanjamanja, analembedwa. Mayi wa inshuwaransi anati khumi ndi poyambira chabe, wina akawonjezekera palibe choletsa.

A Fiyuzi anasaina pomalizira. Anagwira cholembera nthawi yaitali, ndipo dzina lawo linatuluka lokhotakhota ngati la mwana woyamba sukulu. Anthu anati ndi misozi imene ikuwatchinga.

“Chatsala chimodzi,” anatero mayi uja akutseka chikwama. “Aliyense ndamusiyira mafunso a zaumoyo, muyankhe zoona zokhazokha. Koma bambo, pa msinkhu wanu, mukaonanenso ndi dokotala wathu sabata yamawa. Akangokuyezani, zonse zatheka.”

7. Dzanja

Dzuwa litapendeka, mashopu anayamba kutsekedwa. Kawaya anasesa tizidutswa ta mawaya, mtima uli mbee. Pulaya inkamugunda pachifuwa akawerama, iye n'kumaseka yekha.

A Fiyuzi sanadzuke pampando. Chipewa chinali pa bondo.

“Tseka chitseko chimodzi, ubwere kuno.”

Kawaya anatseka, nabwera.

“Ndipatse sikuludiraiva iyo.”

Anawapatsa. A Fiyuzi anaigwira ndi dzanja lamanja, nailozetsa pa sikulu ya ketulo. Nsonga yake inavina mozungulira sikulu ija, osaipeza. Anayesanso, mitsempha ya pamkono itatuluka. Zala zinatseguka zokha, sikuludiraiva n'kugwa pansi, monga inagwera tsiku lothyoka dzino lija.

Apo Kawaya anakumbukira simbi imene inatenga nthawi yaitali. Anakumbukiranso kuti miyezi yapitayi ntchito zonse za tizitsulo ting'onoting'ono a Fiyuzi ankamukankhira iye, amvekere, “Tenga, uphunzirepo.”

“Dzanjali linayamba liti?” anafunsa.

“Kalekale ndithu. Limachita dzanzi, kenaka limandikana. Pulaya sindithanso kuifinya, n'chifukwa chake ndinabwerera ku mano, iwe n'kumaonera. Kunyumba sakudziwa. Palibe akudziwa.”

Anatola chipewa ndi dzanja lamanzere.

“Lero wandichitira chinthu chimene mwana wanga wobala ndekha sanakhale ndi moyo kuti andichitire. Sindifuna chipite pachabe. Kwa dokotala ndikalimba mtima, dzanjali ndikaliika m'thumba. Koma mafunso aja sindingathe kulemba ndekha, waona mmene ndasainira. Undilembere ndiwe. Pofunsa za matenda, ulembe kuti palibe.”

Anatulutsa pepala lija m'thumba la malaya, naliika pa tebulo la Kawaya, pambali pake n'kuikapo cholembera.

“Bambo, mayi aja anati tizinena zoona.”

“Ndinamva. Ndili ndi mdzukulu, mwanawe.”

Panja Lezala ankakoka chitseko chake akuimba mluzu. Kawaya anayang'ana kanyale ka pa shelefu, nayang'ana dzanja limene linamuphunzitsa kugwira waya, likunjenjemera pa bondo la mwini wake. Kenaka anatola cholembera chija, nachivula chivindikiro, osadziwabe ngati alembe zoona kapena bodza.